Abale Ake a Yesu Anali Ana a Yani?

Anthu a kumudzi kwanu akafuna kukutsitsani, salimbana ndi zimene mwanena. Amayamba kukuwerengerani mtundu: si mwana wa uje ameneyu, si uja tinkamutuma kuchigayo? Yesu anakumana nazo zoterezi atabwerera ku Nazareti n'kuyamba kuphunzitsa m'sunagoge tsiku la Sabata. Anthu anakumbutsana kuti ameneyu ndi mmisiri wa matabwa, kuti amayi ake akuwadziwa, ndipo abale ake anawatchula mmodzimmodzi. Marko, pa mutu 6 ndime 3, anasunga mayina anayi: Yakobo, Yose, Yuda ndi Simoni. Anawonjezeranso kuti alongo ake anali m'mudzi momwemo, koma sanawatchule mayina kapena kunena kuti anali angati. Mateyu naye ali ndi mndandanda womwewo pa mutu 13.

Anthu a ku Nazareti ankadziwa bwinobwino kuti anyamata anayiwa anabadwa kwa yani. Sananene chifukwa panalibe wofunika kumufotokozera. Chimene iwo anachisiya ngati chodziwikiratu ndi chimene Akhristu akhala akukokanakokana nacho kwa zaka zoposa 1,600.

Tiyambe tachotsa chimene sichili pa mkangano. Akatolika, matchalitchi a Orthodox ndi mipingo yambiri ya Chipulotesitanti amagwirizana kuti Mariya anatenga pathupi pa Yesu asanadziwe mwamuna. Mkangano uli pa zimene zinachitika pambuyo pake. Akatolika ndi a Orthodox, kuphatikizapo matchalitchi akalekale a ku Egypt ndi ku Ethiopia, amaphunzitsa kuti Mariya anakhala wosadziwa mwamuna moyo wake wonse: asanabereke, pobereka, ndiponso atabereka. Mukayang'anitsitsa zithunzi za Mariya za m'matchalitchi a Orthodox mudzaona nyenyezi zitatu pa nsalu yake, imodzi pachipumi, ziwiri pamapewa. Zimaimira nthawi zitatu zimenezi. Apulotesitanti ambiri a masiku ano amati Yesu atabadwa, Yosefe ndi Mariya anakhala monga banja lina lililonse ndipo anabereka ana ena.

Ngakhale mawu otchulira nkhaniyi m'Chichewa ali ndi kampeni kumphasa. Namwali kwathu kuno ndi mtsikana amene watha msinkhu, ndipo liwuli palokha silinena ngati wadziwa mwamuna kapena ayi. N'chifukwa chake m'mapemphero a Akatolika mumamveka liwu lobwereka ku Chilatini lakuti Virigo.

Liwu limene lanyamula mkangano wonse ndi la Chigiriki lakuti adelphos, limene Mabaibulo athu amalimasulira kuti mbale. Aliyense amene anapemphapo tchuthi kuntchito chifukwa cha maliro a achimwene akudziwa funso limene limatsatira: "Achimwene ake ati? A bere limodzi?" Abwana amafunsa choncho chifukwa akudziwa kuti mwana wa bambo aang'ono ndi achimwene, mwana wa mayi aakulu ndi achimwene, wa mayi wina koma bambo mmodzi ndi achimwenenso, osanena za achimwene a kutchalitchi. Chiheberi ndi Chiaramu, zinenero za Ayuda, zinalinso choncho. Zinalibe liwu limodzi lapadera lotchulira mwana wa mbale wa bambo kapena wa mayi. M'buku la Genesis, Loti akutchedwa mbale wa Abrahamu pamene anali mwana wa Harana, mbale wake wa Abrahamuyo. Ayuda atamasulira malemba awo m'Chigiriki, pamalo pomwepo anaikapo adelphos.

Pamenepa wina angati nkhani yatha, koma ayi. Mauthenga Abwino sanamasuliridwe kuchokera ku Chiheberi. Analembedwa m'Chigiriki, ndipo Chigiriki chili nalo liwu lapadera, anepsios, lotchulira mwana wa mbale wa kholo lako. Liwuli likupezeka pa Akolose 4:10, pofotokoza ubale wa Marko ndi Barnaba. Koma Paulo, amene anakumana naye Yakobo maso ndi maso ku Yerusalemu, akumutchula pa Agalatiya 1:19 ndi liwu lija la adelphos. Josephus, wolemba mbiri Wachiyuda amene sanali Mkhristu, pofotokoza za kuphedwa kwa Yakobo ndi miyala m'chaka cha 62, anagwiritsanso liwu lomwelo. Ngati onsewa ankadziwa kuti Yakobo sanali wa m'nyumba imodzi ndi Yesu, bwanji palibe ndi mmodzi yemwe amene anatola liwu linali pafupilo?

Mayankho amene aperekedwa ndi atatu, ndipo katswiri wa Baibulo wa ku England, J. B. Lightfoot, m'chaka cha 1865 anawapatsa mayina a anthu amene anawamenyera nkhondo: Epiphanius, Helvidius ndi Jerome.

Yankho limene linalembedwa poyera kale kwambiri likupezeka m'kabuku kotchedwa Protevangelium ya Yakobo, kolembedwa cha m'ma 150 mpaka 200. Kabukuka sikali m'Baibulo, komabe kanalowerera m'chikhulupiriro cha anthu kuposa mabuku ena amene alimo. Mayina akuti Yowakimu ndi Anna, makolo a Mariya, akuchokera mmenemo. Kamasimba kuti Mariya anakulira m'Kachisi kuyambira ali ndi zaka zitatu, ndipo atakwanitsa zaka 12 ansembe anaitanitsa amuna amene akazi awo anamwalira, aliyense ndi ndodo yake, kuti Mulungu asonyeze womusunga. Nkhunda inatuluka m'ndodo ya Yosefe. Iye anayamba wakana, kunena kuti ndi nkhalamba, ali kale ndi ana aamuna, ndipo anthu amuseka. Malinga ndi nkhani imeneyi, abale a Yesu anali ana a Yosefe a kwa mkazi woyamba. Epiphanius, bishopu wa ku Salamis pa chilumba cha Cyprus, cha m'ma 370 anakometsera nkhaniyi: Yosefe anali ndi zaka pafupifupi 80, ana aamuna anayi ndi aakazi awiri. Mpaka lero matchalitchi a Kum'mawa amatsatira zimenezi, ndipo pa zithunzi zawo zina za ulendo wothawira ku Egypt mumaoneka mnyamata akutsogolera bulu. Ameneyo ndi Yakobo.

Yankholi lili ndi mphamvu imene munthu woleredwa m'mudzi amaimva msanga. Pa Marko mutu 3, abale ake akupita kukamugwira Yesu poganiza kuti mutu wake sukuyenda bwino, ndipo pa Yohane mutu 7 akumuuza zochita. Amenewa ndi machitidwe a akulu kwa mng'ono wawo. Mwana wamng'ono kukagwira mkono mkulu wake pagulu, ngakhale kwathu kuno anthu angadabwe. Si umboni wokwanira, koma si wopepukanso.

Mkangano weniweni unaphulika ku Roma cha m'ma 383, ndipo kuti tiumvetse tiyenera kudziwa zimene zinkachitika m'nyumba za Akhristu olemera a mumzindawo. Kuzunzidwa kwa Akhristu kunali kutatha kuyambira 313. Kale wopambana pa chikhulupiriro anali amene waphedwa chifukwa cha Khristu. Tsopano popeza panalibe wopha, ulemu umenewo unayamba kupita kwa amene adzimana: osala kudya, ogona pansi, okana ukwati. Mbiri ya moyo wa Antony wa m'chipululu cha Egypt, yolembedwa ndi Athanasius, inkawerengedwa kwambiri. Amayi a m'mabanja otchuka monga Marcella ndi Paula anasandutsa nyumba zawo kukhala ngati za masisitere. Mlangizi wawo anali Jerome, wansembe wodziwa Chilatini, Chigiriki ndi Chiheberi, amene ankathandiza Papa Damasus pa zolembalemba. Atsikana ankauzidwa kuti atsanzire Mariya, ndipo kutsanzira Mariya kunkatanthauza kusakwatiwa.

Tangoganizani mayi wa ana asanu atakhala m'tchalitchi n'kumamva sabata ndi sabata kuti moyo wake ndi wachiwiri pamaso pa Mulungu. Munthu wina dzina lake Helvidius analemba kabuku koikira kumbuyo anthu otere. Iye anati Mariya ndi chitsanzo cha onse awiri, cha namwali Yesu asanabadwe ndi cha mayi wapabanja atabadwa, choncho unamwali ndi ukwati n'zolemekezeka mofanana. Kabuku kakeko kanatayika. Pafupifupi zonse zimene tikudziwa za mfundo zake tikuzimva kudzera mwa mdani wake, ndipo mlandu womvera mbali imodzi umafunika kuumva mochenjera, makamaka mdaniyo akakhala Jerome, amene cholembera chake chinali chakuthwa ngati lumo. Anamunena Helvidius kuti ndi mbuli yosaphunzira, ndipo Helvidius atatchula Tertullian wa ku Carthage ngati mboni yake, Jerome anangoti ameneyo sanali munthu wa Mpingo.

Koma kupatula zonyozazo, Jerome anayankha mfundo iliyonse, ndipo mayankho ake ndi omwe akubwerezedwabe lero, nthawi zambiri ndi anthu amene sanamvepo dzina lake.

Mfundo yoyamba ya Helvidius inali pa Mateyu 1:25, pamene pakunena kuti Yosefe sanagone naye Mariya kufikira mwana atabadwa. Liwu lakuti kufikira, kapena mpaka, limapereka chithunzi chakuti pambuyo pake zinthu zinasintha. Mayi akauza mwana kuti asadye mpaka abambo abwere, mwanayo amadziwa kuti abambo akangofika, nsima ivundukulidwa. Jerome anayankha kuti si nthawi zonse. Tikamati agogo sanalawe mowa mpaka anamwalira, sititanthauza kuti anayamba kumwa kumanda. Baibulo lili ndi ziganizo zotere: pa 2 Samueli 6:23 Mikala akunenedwa kuti analibe mwana kufikira tsiku la imfa yake. Chilungamo chake n'chakuti onse awiri ananena zoona. Zitsanzo za Jerome zimagwira bwino pamene malire ake ndi imfa kapena kutha kwa dziko, pamene kusintha sikungatheke. Kubadwa kwa mwana si malire otere. Komanso Mateyu sankalemba za moyo wa m'chipinda cha Yosefe. Ankafuna kutseka pakamwa aliyense woganiza kuti mwanayo anali wa Yosefe, ndipo atatero anapita kwina.

Yachiwiri inali pa Luka 2:7, pamene Yesu akutchedwa mwana woyamba. Woyamba, anatero Helvidius, ndiye kuti pali wachiwiri. Apa Jerome anapambana poyera. M'chilamulo cha Mose, mwana wotsegula mimba ankaperekedwa kwa Mulungu ndi kuwomboledwa atangotha mwezi umodzi, popanda kudikira kuona ngati kubwera wina. Nafenso mwana wachisamba timamutcha wachisamba tsiku lomwe wabadwa. Ku Egypt kunapezeka mwala wa pamanda a mayi Wachiyuda dzina lake Arsinoe, wa nthawi yoyandikana ndi kubadwa kwa Yesu, wonena kuti anamwalira pobereka mwana wake woyamba. Wachiwiri analibe mpata wobwera.

Pa abale aja m'pamene Jerome anabweretsa zachilendo. Nkhani ya Yosefe nkhalamba ya ana asanu ndi mmodzi sanaikonde, chifukwa inkachokera m'mabuku osavomerezeka, komanso chifukwa iye ankafuna kuti Yosefe nayenso akhale wosadziwa mkazi. Choncho analumikiza ndime zingapo. Pa Marko 15:40, pakati pa amayi oonerera pa mtanda pali Mariya wina, mayi wa Yakobo wamng'ono ndi Yose, mayina awiri oyambirira a mndandanda wa ku Nazareti uja. Pa Yohane 19:25 pali mbale wake wa mayi a Yesu ndi Mariya wa Klopa. Jerome anati onsewa ndi munthu mmodzi, ndipo abale a Yesu anali ana a mayi ameneyu.

Mabuku ambiri akafika apa amati Jerome anaphunzitsa kuti anali asuweni a Yesu, koma m'Chichewa kutero n'kulakwitsa. Msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali, uja timaseka naye nthabwala zakuti ndi mkazi wathu kapena mwamuna wathu. Mwana wa mng'ono kapena mkulu wa amayi si msuweni. Ndi mbale, ndipo amayi akewo timawatcha amayi. Ena pambuyo pake anakonza maganizo a Jerome potsatira Hegesippus, wolemba wa m'zaka za m'ma 100, amene anati Klopa anali mbale wa Yosefe. Anatero pothawa vuto loonekeratu lakuti makolo angatche bwanji ana awo aakazi awiri dzina limodzi la Mariya. Koma ngakhale zitatero, ana a Klopa angakhale ana a bambo aang'ono kapena aakulu, amenenso kwa ife ndi abale. Mayankho onse atatu amakwana m'liwu limodzi la Chichewa popanda kulipanikiza. Chimene Mzungu amachiona ngati kukhotetsa mawu, ife timachiona tsiku lililonse pakhomo. Izi sizitsimikiza kuti Jerome analondola. Zimangotanthauza kuti sitingamutsutse ndi liwu lokhalo. Chovuta chake chili pena: Hegesippus yemweyo amatcha Yakobo adelphos wa Ambuye, koma Simiyoni mwana wa Klopa, amene analowa m'malo mwa Yakobo potsogolera mpingo wa ku Yerusalemu, amamutcha anepsios. Ankasiyanitsa.

Ku Roma zinthu sizinamuyendere bwino Jerome. Chakumapeto kwa 384, Blesilla, mwana wa Paula, mtsikana wa zaka pafupifupi 20 amene anayamba kusala kudya koopsa motsatira malangizo ake, anamwalira. Pa maliro anthu anang'ung'udza kuti amonke amenewa athamangitsidwe mumzinda. Damasus, amene ankamutchinjiriza, anamwalira mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mu 385 Jerome anachoka, n'kukakhazikika ku Betelehemu kumene anamwalira mu 420. Patapita zaka zochepa Jerome atachoka ku Roma, mmonke wina, Jovinian, anadzutsanso nkhaniyi pophunzitsa kuti obatizidwa onse, okwatira ndi osakwatira, ali ndi mphotho yofanana. Misonkhano ya ku Roma ndi ku Milan inamutsutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 390. Buku limene Jerome analemba pomuyankha linanyoza ukwati mopitirira muyeso kotero kuti mnzake Pammachius anayesa kulichotsa m'manja mwa anthu. Augustine wa ku Hippo anachita kulemba buku lapadera lofotokoza ubwino wa ukwati pofuna kuziziritsa zinthu.

Ine ndikamawerenga mbiri imeneyi ndimaona kuti ndime za m'Baibulo zinali mikondo, koma munda umene ankalimbirana unali ukwati. Palibe mbali imene inayamba ndi galamala n'kufika pa chiphunzitso. Amene ankakhulupirira kale kuti mimba imene inanyamula Mulungu inapatulidwa kotheratu ankaona Mariya paliponse: Ambrose wa ku Milan anamuona pa chipata chotsekedwa cha pa Ezekieli 44, chimene Ambuye analowerapo ndipo wina sadzalowerapo. Ankafunsanso kuti, ngati Mariya anali ndi ana ena, bwanji Yesu pa mtanda anamusiya m'manja mwa wophunzira wake? Mafunso a mtundu umenewu kwathu amabuka pa maliro, ndipo amatha kugawa banja. A mbali ina amayankha kuti pa nthawiyo abalewo sankamukhulupirira, monga Yohane 7:5 akunenera. Koma patangopita masabata ochepa, pa Machitidwe 1:14, abale omwewo akupemphera m'chipinda chimodzi ndi Mariya.

Pofika mu 553, msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Constantinople unkatchula Mariya kuti namwali nthawi zonse ngati dzina lodziwika kale, ndipo msonkhano wa ku Lateran wa mu 649, pansi pa Papa Martin Woyamba, unalemba chiphunzitsochi momveka bwino. Kwa zaka mazana ambiri nkhaniyi inagona.

Chimene chimadabwitsa Apulotesitanti ambiri n'chakuti oyambitsa mipingo yawo sanaidzutse. Martin Luther anakhulupirira unamwali wosatha wa Mariya mpaka imfa yake. Huldrych Zwingli wa ku Zurich anaulalikira. Chivomerezo cha Second Helvetic Confession cha mu 1566, cholembedwa ndi Heinrich Bullinger, chimamutcha namwali nthawi zonse. John Wesley, tate wa Amethodisti, anavomereza zomwezo m'kalata yake ya mu 1749 yopita kwa Mkatolika. John Calvin ndiye anayenda mosamala: anati Helvidius analakwa kumanga mfundo pa liwu la kufikira, anakananso maganizo akuti Mariya analumbira kusakwatiwa, ndipo anati kufufuza zimene Malemba sananene ndi chidwi chopanda phindu. Kusintha kunabwera pang'onopang'ono m'zaka mazana otsatira, pamene lamulo lakuti chiphunzitso chilichonse chiyenera kuoneka poyera m'Malemba linagwiritsidwa ntchito mpaka kumapeto kwake, ndiponso pamene kulemekeza Mariya kunasanduka chizindikiro chosiyanitsa Mkatolika ndi amene si Mkatolika.

Amishoni atafika kuno, a ku Scotland mu 1875 ndi 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, aliyense anabwera ndi yankho lake lophikaphika. Buku Lopatulika la mu 1922 linati abale. Buku Loyera, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi n'kulitulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, linatinso abale, ndipo panalibe chifukwa chokanganirana pa liwulo. Pansi pa mtsutso wa m'minibasi kapena wa pa wailesi pamakhala funso lina limene silitchulidwa kawirikawiri: Malemba akakhala chete, kapena akalankhula mawu okwana mbali ziwiri, womaliza kulankhula ndani? Mkatolika ndi wa Orthodox amati ndi Mpingo, umene wakhala ukupemphera motero kuyambira kalekale. Mpulotesitanti amati tanthauzo limene munthu angalimve poyamba powerenga ndilo liyenera kutsogola. Akatswiri nawo sakhala m'mizere ya mipingo yawo nthawi zonse. John P. Meier, wansembe Wachikatolika, analemba mu 1991 kuti poyeza ndi njira za mbiri zokha, chothekera kwambiri n'chakuti anali abale a bere limodzi. Lightfoot, amene anadzakhala bishopu wa Anglican, anakonda yankho la Epiphanius.

Mu 2002 kunamveka za kabokosi ka mwala kosungiramo mafupa, ka mtundu umene Ayuda a ku Yerusalemu ankagwiritsa ntchito m'nthawi ya Yesu. Pambali pake panali mawu a Chiaramu otchula Yakobo, bambo ake Yosefe, ndi mbale wake Yesu. Kanatumizidwa ku Toronto kukaonetsedwa ndipo kanafika katang'aluka panjira. Mu 2003 akatswiri a bungwe la boma la Israel loona zinthu zakale anati mawuwo ndi opeka. Mwini wake anazengedwa mlandu umene unatenga zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mu 2012 khoti linamupeza wosalakwa pa mlandu wopeka mawuwo, woweruza n'kunenetsa kuti chigamulocho sichikutsimikiza kuti ndi enieni. Mayina atatuwo analinso ofala kwambiri pakati pa Ayuda a nthawiyo. Koma tiyerekeze kuti kabokosiko ndi ka Yakobo yemwe uja wa ku Nazareti. Kangavulaze Jerome yekha, chifukwa kakunena kuti bambo ake a Yakobo anali Yosefe. Helvidius ndi Epiphanius onse angagwedeze mutu kuvomereza, popeza wosema mwalayo, monga anthu a m'sunagoge aja, sanatchule dzina la mayi.